Seva ya amalume

Pa zonse zimene ndimalipira mwezi ukatha kuno ku Aberdeen, pali chimodzi chimene sindinachionepo ndi maso. Ndi kachigawo ka kompyuta ina ku Johannesburg kamene ndimachita lendi kuti ana a achemwali anga ku Chinamwali, ku Zomba, azisewerapo gemu ndi anzawo. Iwo amangoti seva ya amalume.

Gemu yake ndi Luanti, imene mpaka 2024 inkatchedwa Minetest. Anaiyamba ndi Perttu Ahola wa ku Finland mu 2010. Ndi dziko la mabuloko: umakumba, umadula mitengo, umamanga. Anawo ankafuna Minecraft, koma imeneyo ndi yogula, ndipo kugula chinthu pa intaneti uli ku Malawi, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, si nkhani yoti mwana wa Fomu 2 nkuiyamba. Luanti ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa foni ya Android yotopa kale.

Pamene ndinaganiza kwambiri mpoti seva ikhale kuti. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi m'chingwe cha faiba, liwiro loopsa ndithu, koma Ulaya ndi kutali, ndipo uthenga uyenera kupita ndi kubwerera. Kwathu kulibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imayamba yadutsa m'maiko oyandikana nawo isanafike ku zingwe za pansi pa nyanja. Seva ikakhala ku Ulaya, mwana amamenya buloko nkudikira kuti igwe. Ndiye ndinaiika kufupi ndi iwo. Wochedwa tsopano ndine. Ndikalowa m'gemu amandiseka kuti amalume akuyenda ngati aledzera.

Kawirikawiri sindilowa nkomwe. Ntchito yanga imachitikira pa windo lakuda la zilembo zokhazokha, kudzera pa SSH, ndi kiyi osati pasiwedi. Makinawo ali ndi Ubuntu. Makomo onse ndinatseka kusiyapo awiri, 22 wolowera ine ndi 30000 wolowera osewera. Gemu ikagwa, systemd imaidzutsa yokha. Usiku ana atagona, cron imakopera dziko lawo lonse, limene mabuloko ake ali m'failo imodzi ya map.sqlite, nkulisunga pena. Zimenezi ukazikonza kamodzi sizivutanso.

Chovuta ndi milandu. Wina wagumula nyumba ya mnzake, wina waba zitsulo m'bokosi, ndipo uthenga umandipeza ndili pa basi: "Amalume, tabwerani mudzaone zimene wachita uyu." Ndimakhala ngati nyakwawa yoweruza za malire a munda ili kutsidya kwa nyanja. Wolakwa ndimamulanda chilolezo cha interact kwa tsiku limodzi, ndiye amangoyendayenda m'dzikomo osatha kugwira kanthu. Chilango chimenechi amachiopa kuposa kukalipiridwa.

Koma chimene chimandisunga pa windo lija mpaka usiku ndi failo ya debug.txt, mmene seva imalemba aliyense wolowa ndi wotuluka. Ndaphunzira kuiwerenga. Mayina onse a ku Chinamwali akazimirira mphindi imodzi, seva nkulemba kuti times out, ndiye kuti magetsi azima kapena netiweki yathawa. Akamachoka mmodzimmodzi chakumapeto kwa mwezi, ndi bandulo yatha. Mayeso akayandikira failoyo imauma, ndipo ndimadziwa kuti achemwali alanda mafoni. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inavuta ku Tanzania, ku Mozambique, kwathu ndi maiko ena a m'derali. Ine ndinaziona kaye m'failomo ndisanamve pa nkhani: seva ili bwinobwino, palibe wolowa.

Wina anganene kuti kumeneku nkukhala pafupi ndi abale. Ine sindivomereza msanga. Ndimadziwa ola limene mphwanga wagona, koma mawu ake anayamba kunenepa ine osamva. Mu Disembala kuno kumada 4 koloko isanakwane, mphepo ya kunyanja ikuboola jekete, ine nkumawerenga mayina pa sikirini, pamene kwathu mvula yagwa, dothi likununkha, mango atayika pansi ndipo ngumbi zikuuluka pa getsi la pakhonde. Failo siinena zimenezo.

Loweruka lina anandikakamiza kulowa kuti ndikaone zimene amanga. Phiri la Zomba analiunjika lalitali kuposa muyeso, damu la Mulunguzi lili pamwamba pake, madzi akusefukira mpaka kumsika chifukwa madzi a m'gemu samvera. Kenako ananditengera kunyumba kwa agogo awo, mayi anga. Ndinaima pakhomo osaizindikira. Ili ndi mpanda wa njerwa ndi geti, pamene ine ndinasiya mpanda wa udzu. Kuseri kumene kunali mtengo wa mapeyala kuli kachipinda.

Ndinalemba kuti, "Nanga mtengo uja mwauiwala?"

"Uti amalume?"

"Wa mapeyala, kuseri kwa khitchini."

Panapita kanthawi, ndipo sikunali kuchedwa kwa intaneti. Wamkulu ndiye anayankha: "Unadulidwa kalekale, mizu inkang'amba maziko. Simunauzidwe?"

Sindinauzidwe. Pa foni timakamba za matenda, fizi ndi mtengo wa feteleza. Za mtengo wa mapeyala ndani angaonongere mayunitsi? Ndili ndi mphamvu zonse pa seva imeneyo, ndikanatha kuubzala pomwepo ndi lamulo limodzi. Ndinausiya. Nyumbayo ndi imene iwo akuidziwa, ndipo ndi imene ilipo.

Sabata yotsatira achemwali anatumiza mawu kuti anawo akugona mochedwa, seva izizima 9 koloko. Wotchi ya makinawo ndinaiika kale pa Africa/Blantyre, chifukwa kuno nthawi imasintha kawiri pa chaka, kusiyana kwathu nkumakhala ola limodzi kapena awiri, ndipo sindifuna kuwerengera. Ndinaonjezera mzere umodzi mu cron. Mphwanga wapempha kale kuti Lachisanu izifika 10 koloko, ndipo ndamuuza kuti akambe ndi mayi ake.