Phwando la ku Costa del Sol ndi Madandaulo a Osewera

Pakati pa masewera a pa kompyuta amene anthu zikwizikwi amachitira pamodzi kudzera pa intaneti, ulipo mtundu wina umene munthu amalowa m'malo mwa ngwazi ya m'nkhani, nayendayenda m'dziko lopeka akutumidwa ntchito ndi eni dzikolo. Ntchito iliyonse yotere pa Chingerezi amaitcha quest, ndipo nkhani siyenda kufikira wosewera atatsiriza ntchito imodzi ndi kulandira inzake. Ife takhala tikusewera madzulo masewera amodzi otere, Final Fantasy XIV, opangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Square Enix. Chimene chatichititsa kugwira cholembera ndi mkangano umene suzilala pakati pa osewera ake, wakuti kodi ndi ntchito ziti zimene zili ufa weniweni wa nkhani, nanga ndi ziti zimene zili gaga wongodzazira dengu.

Kuti timvetse kumene gagayo anachokera tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Masewerawa anatuluka koyamba mu 2010 ndipo anthu anawakana chifukwa anali osalongosoka. Kampani inaika Naoki Yoshida kuti atsogolere ntchito yowamanganso, ndipo mu 2013 anatulukanso ndi dzina lakuti A Realm Reborn. Nthawi inali yochepa, koma wosewera anayenera kukwera makwerero 50 a mphamvu, ndipo pa khwerero lililonse panafunika chochita. Olemba nkhani anatambasula nsalu yaing'ono kuti ifunde bedi lalikulu.

Chitsanzo chimene osewera amachitchula kawirikawiri ndi cha Titan, chimphona chamiyala chimene chaitanidwa ndi adani ndipo chikuopseza mzinda wa Limsa Lominsa. Wosewera amauzidwa kuti zinthu zafika pothina, ndi kuti afulumire kukafunsa nzeru kwa asilikali akale otchedwa Company of Heroes, amene anagonjetsapo chimphonacho. Atawapeza ku gombe la Costa del Sol, iwo sayamba aulula kanthu. Amamtuma kukasonkhanitsa zakudya za phwando: dzira la chifulu chachikulu, chinyongolotsi cha m'chipululu, tchizi, ndi vinyo wosowa amene kumpeza kwake kumafuna maulendo enanso. Pomaliza pake zimadziwika kuti phwandolo ndi la iye mwini, ndi kuti akuluakuluwo ankamuyesa ngati ali woyenera kukumana ndi chimphona.

Osewera ambiri anakwiya nalo gawo limeneli. Tikamvetsera bwino madandaulo awo, tipeza kuti sakudana ndi kutumidwa kwenikweniko, pakuti m'masewera otere aliyense amadziwa kuti adzatumidwa. Chimene chimawapweteka n'chakuti nkhani inayamba yawauza kuti nyumba ikupsa, kenaka n'kuwatuma kukasesa pabwalo. Munthu amene wakhulupirira kuti mzinda uli pangozi amadziona ngati wapusitsidwa pamene akuyendera botolo la vinyo, ndipo ulendo wina akadzauzidwa kuti afulumire, sakhulupiriranso. Alipo ena amene amaikira kumbuyo phwandoli. Iwo amati asilikali amene anakwirira anzawo ambiri pa nkhondo yoyamba sakanatumiza mlendo ku imfa asanamuone mtima wake. Mfundoyi ili ndi mutu, koma ife tikuona kuti yankho likamabwera pambuyo pa maola angapo a kunyong'onyeka, limapeza mitima itatseka kale.

Tsono taonani chimene chimachitika pambuyo pake. Wosewera atagonjetsa Titan amabwerera ku likulu la anzake, nyumba yotchedwa Waking Sands, ndipo amapeza kuti asilikali a ufumu wa Garlemald aithira nkhondo. Mtsogoleri wawo, Minfilia, wagwidwa, ndipo ambiri aphedwa. Posakhalitsa amatumidwa ntchito ina, yonyamula mitembo ya anzakewo ndi kuikweza m'ngolo kuti ikaikidwe m'manda. Tikayang'ana zimene zala zikuchita pa kompyuta, ntchito iyi siisiyana konse ndi ya tchizi ija: pita apo, tola icho, bwera nacho kuno. Komabe osewera amaikumbukira ndi ulemu, ndipo ife sitinamvepo wina akuitcha gaga. Kusiyana kwake kuli pakuti apa ntchito ikugwirizana ndi chimene mtima wa wosewera ukumva pa nthawiyo. Kuchedwa kwake ndiko kumampatsa mpata wolira.

Pano mkangano umafika povuta. Nyumba ya Waking Sands inali yotchuka chifukwa cha kutopetsa. Wosewera ankaitanidwako kambirimbiri kuti akangomva mawu ochepa, ndipo popeza pamalopo panalibe mwala woulukirapo monga m'midzi ina, ankatsikira ku Horizon ndi kutsiriza ulendo chapansi. Koma kubwerezabwereza komweko ndiko kunam'zoloweretsa nkhope za anthu a m'nyumbamo, kotero kuti tsiku lonyamula mitembo ankawazindikira ena mwa iwo. Kodi tikanachotsa maulendo onse otopetsawo, chisoni chija chikanatsala? Ife tikuganiza kuti maulendo ochepa okha akanakwanira, malinga ngati pa ulendo uliwonse wosewera akanaphunzirapo kanthu katsopano za munthu mmodzi wa m'nyumbamo.

Inu amene mukukonzekera kukaima patsogolo pa kalasi mudzaizindikira nkhaniyi mosavuta. Ana sakana kukopera kapena kubwereza masamu a mtundu umodzi. Amayamba kuyasamula pamene azindikira kuti ntchitoyo yaperekedwa pofuna kungodikira belu, makamaka ngati mphunzitsi anali atangowadzutsira chidwi ndi funso limene sanaliyankhe.

Palinso china chimene osewera akale ndi atsopano samvana. Kuyambira mu Disembala 2013 kufikira mu Malichi 2015 kampani inkaonjezera nkhani pang'onopang'ono, pakapita miyezi itatu kapena inayi, ndipo ntchito zoonjezerazo zinakwana 100. Amene ankasewera pa nthawiyo ankalandira kachigawo kochepa, nakatsiriza m'masiku owerengeka, nadikira kena ndi njala. Kwa iwo liwiro linali labwino. Koma wobwera pambuyo pake anapeza zonse 100 zitaunjikana pakati pa iye ndi gawo lotsatira la Heavensward, la mu 2015, limene aliyense ankalitamanda. Nkhani ndi yomweyo, mawu ndi omwewo, koma wina ankadya nthongo imodziimodzi pamene mnzake anapatsidwa mphika wonse kuti aumalize. Ambiri analekera pamenepa, ndipo anzawo ankangowalimbitsa mtima kuti apirire popeza zokoma zili m'tsogolo. Ife chilimbikitso chimenechi sitichikonda, pakuti chikuvomereza kuti maola makumi angapo a munthu ndi msonkho wolowera pakhomo.

Opanga masewerawa anamva. Mu Ogasiti 2020 anakonzanso nkhani ya A Realm Reborn, nachotsa pafupifupi ntchito 13 pa 100 zilizonse, nafupikitsa zina zambiri, ndipo analola osewera kuuluka m'madera akale amene poyamba ankayendamo chapansi. Phwando la ku Costa del Sol analidula koma sanalichotse, ndipo ntchito yonyamula mitembo anaisiya. Mkangano sunathere pamenepo. Pamene gawo la Dawntrail linatuluka mu 2024, osewera ambiri anadandaulanso kuti theka loyamba la nkhani likuyenda mwaulesi, ndi kuti akungotumidwa kukalankhula ndi anthu atatu m'mudzi uliwonse, pamene ena anayankha kuti dziko lachilendo sulidziwa ukuthamanga.