Tochi Yoponya Patali ndi Tochi Yomwaza Kuŵala

Kuno ku Salima mdima sunatisiye. M'chaka cha 2021 anatsegula pafupi ndi Nanjoka malo aakulu opangira magetsi a dzuŵa okwana mamegawati 60, koma magetsi ameneŵa amaloŵa m'mawaya a dziko lonse, ndipo nyumba zambiri za kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Ndindi ndi kwa Khombedza zimagonabe mumdima. Ngakhale anzathu a pa Kamuzu Road anaulaŵa mdimawo pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Nchifukwa chake tochi yasanduka chipangizo cha pabanja monga khasu ndi mtondo, ndipo kagulidwe kake nkofunika kukambirana.

Ife amene tinakula ndi muuni wa udzu, koloboyi ndi tochi yachitsulo ya mabatire a Tiger Head sitinali kuvutika posankha. Yaikulu inali ya mabatire atatu, yaing'ono ya aŵiri, nkhani nkutha. Lero m'misika mwadzaza matochi a LED otchaja ndi dzuŵa kapena magetsi, ndipo ali amitundu iŵiri. Ina imasonkhanitsa kuŵala nkukuponya patali ngati mkondo. Ina imamwaza kuŵala pabwalo ponse koma sifika kutali. Ana athu tikaŵatuma, amayesa tochi polozetsa pansonga ya mlambe wakutali, ndipo imene yafikapo ndiyo amabwera nayo kunyumba akunyadira. Ife tikuti, pa ntchito yolondera pakhomo, imeneyo si yoyamba kugula.

Kusiyana kwake kwagona kumutu kwa tochi. Kambale konyezimira kamene kazungulira babu kakakhala kakakulu ndi kakuya, kamakusa kuŵala konse nkukutumiza malo amodzi. Kakakhala kosaya, kuŵala kumabalalika. Tsono matochi aŵiri angathe kutulutsa kuŵala kofanana, chiŵerengero cha malumeni cholembedwa pabokosi nkukhala chimodzimodzi, koma ntchito yake nkusiyana kotheratu. Zili ngati ndowa imodzi ya madzi: kuithira paphando limodzi kapena kuiwaza padimba lonse.

Mamita olembedwa pabokosi nawo asatinyenge. Opanga matochi okhulupirika amayeza mtunda kufikira pamene kuŵala kwatsala pang'ono ngati kwa mwezi wathunthu. Pa kuŵala kotere munthu aona kuti pali chinthu, koma nkhope sangaizindikire. Ndiponso ana a Sitandade 8 angatithandize masamu ake: mtunda ukaŵirikiza kaŵiri, kuŵala kofika pamenepo kumachepa kanayi. Tochi yolembedwa mamita 500 idzakuonetsani nkhope ya munthu pa mtunda wochepa kwambiri kuposa pamenepo.

Nanga wakuba amakhala kuti? Sakhala pansonga ya mlambe ayi. Amakhala kuseri kwa khola la mbuzi, pansi pa nkhokwe, pakati pa bafa ndi mpanda, mapazi khumi kapena makumi aŵiri kuchokera pakhomo. Tochi yoponya patali ikalozetsedwa pafupi chotere imaŵalitsa kadera kakang'ono ngati mbale ya nsima, ndipo kuŵalako kukagunda khoma kumabwerera m'maso mwa mwini wake. Diso limene linazoloŵera mdima limataya mphamvu yake nthaŵi yomweyo, ndipo kuti lizoloŵerenso bwino pamapita mphindi 20 kapena 30. Pamenepo bambo ali chiimire pakhonde, akuona kambale kamodzi koyera, kumanja ndi kumanzere kwake kuli bii, pamene iye mwini akuonekera kwa aliyense wobisala. Asodzi a usipa a ku Senga Bay ndi ku Chipoka akudziŵa bwino kuti nyali ya pabwato imaoneka kuchokera kumtunda, ngakhale iwo sangaone munthu woima pamchenga.

Tisaiŵalenso kuti adani a usiku si anthu okha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa kunyanja kumatitulutsa m'nyumba kukagona pakhonde, chimene chimavulaza ana athu kaŵirikaŵiri ndi chinkhanira kapena mphiri yogona m'njira ya kuchimbudzi. Mphiri sithaŵa msanga ikamva mapazi. Mwana wonyamula tochi yomwaza amaona pamene akuponda ndi m'mbali mwa njira nthaŵi imodzi. Amayi nawo, potsekera nkhuku kapena poyang'ana wodwala usiku, afuna kuŵala kofeŵa kodzaza chipinda.

Komabe tochi yoponya patali ili ndi ntchito yake, ndipo ndi yolemera. Okhala m'mbali mwa nyanja ndi mwa mtsinje wa Linthipe amaifuna kuti aone mvuu isanafike m'munda, kapena maso a ng'ona pamadzi, kapena bwato ndi maukonde padooko. Oyandikana ndi nkhalango ya Thuma amaifuna chifukwa cha njovu. Koma ntchito yake yoposa zonse ndiyo kuzindikira nkhope ya munthu tisanakuwe. Tikumbukire chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu amantha. Mfuu yakuti "Wakuba!" ikatuluka sibwereranso m'kamwa. Chithunzithunzi chodutsa kumapeto kwa munda chingathe kukhala mnyamata wochokera kokoka khoka, munthu wodwala misala, kapena mnansi wothamangira kukaitana galimoto chifukwa mkazi wake wayamba kudwala pakati. Ife akulu a mpingo, amene timaitanidwa kukatonthoza anamfedwa, tikupemphani inu achinyamata a m'magulu olondera m'midzi kuti muyambe mwaunika, mufunse dzina, ndipo wogwidwa mumpereke kupolisi ali wamoyo ndi wosavulala.

Tsono banja limene ndalama zake zikwana tochi imodzi ligule yomwaza, ndipo igone pamalo amodzi odziŵika kwa onse, yotchajatchaja. Yoponya patali njodula ndipo sifunika usiku uliwonse. Mabanja asanu kapena khumi oyandikana angathe kusonkherana imodzi pamodzi ndi wezulo, nkuisungitsa kwa munthu wamkulu wosapupuluma. Aliponso matochi okoka kumutu, amene amati amagwira ntchito zonse ziŵiri. Ameneŵa ife sitiŵakhulupirira kwenikweni, pakuti ukaŵakoka kuti aponye patali kuŵala kwina kumatayikira m'kati, ndipo polumikizira pake pamaloŵa fumbi ndi madzi a mvula.

Poyesa tochi musanalipire, musailozetse kumwamba. Pemphani wogulitsa akuloŵetseni m'chipinda chamdima, muime mapazi asanu kuchokera kukhoma, muyatse, ndipo muone ngati mukutha kuona ngodya zonse ziŵiri za chipindacho ndi pansi pamene mwaponda popanda kugwedeza dzanja.