MAKAMERA ATATU M'BOKOSI LA AMALUME

Amalume atamwalira kwathu ku Katete, anandisiyira bokosi la citsulo. Iwo anali wojambula zithunzi, ndipo kwa zaka zambiri anayenda pa njinga m'midzi kujambula maukwati ndi ana a sukulu. M'bokosimo munali makamera atatu a filimu: Zenit-E, Canon AE-1 ndi Pentax K1000. Onsewa ndi a mtundu uja wokhala ndi kalilole m'kati, kotero kuti cimene diso liona ndico cimene cituluka pa cithunzi.

Ambuya, amene anabala amalumewo, anali atakalamba kwambiri. Tsiku lina anandiitana nati: "Mdzukulu wanga, undijambule ndisanapite, koma ndi makina a mwana wanga, osati foni yakoyo." Pamenepo ndinayamba kuyesa makamerawo imodzi-imodzi.

Zenit-E, imene anayamba kupanga ku Soviet Union mu 1965, ndi yolemera ngati njerwa ndipo sifuna batire. Koma kansalu kace ka m'kati, kamene katseguka kuti kuwala kufike pa filimu, kanali kataola ndi cinyezi ca m'nyumba.

Canon AE-1 ya ku Japan, imene inatuluka mu 1976, ndiyo yopepuka ndi yocenjera, pakuti itha kudzisankhira yokha kuwala koyenera. Koma nzeru zacezo zidalira kabatire ka mavoti 6, ndipo popanda iko sijambula konse. Pa magolosale a kwathu ndinafunsa, osakapeza.

Inatsala ndi Pentax K1000, ya ku Japan komweko, ya caka comweco ca 1976. Iyi batire lace ndi loyezera kuwala cabe. Nchito yonse yotsala icitika ndi masipuling'i. Nditasindikiza, inalira bwino lomwe. Tsoka lace, galasi la kutsogolo linali litacita cuku.

Apa ndipo ndinaphunzira kuti kamera iriyonse mwa atatuwa inali ndi kamwa lace-lace lomangirapo galasi. La Canon linakana kulowa pa Pentax. La Zenit ndi lopotokola, la mazinga a mamilimita 42, monga a Praktica ya ku East Germany, ndipo nalonso linakana. Ndiri pafupi kutaya mtima, ndinapeza kamphete ka citsulo m'kacitini ka fodya. Kameneka ndiko kalumikiza galasi la mazinga ku thupi la Pentax. Amalume anadziwa kale kuti kumudzi cinthu sicitayidwa cifukwa cakuti mbali imodzi yafa.

Tero ndinajambula ambuya pansi pa mtengo wa mango, thupi la kamera la ku Japan, galasi la ku Soviet Union. Filimu ndinaitumiza ku Lusaka kukatsukidwa, ndipo cithunzi cinafika iwo akali moyo. Anaciyang'ana nthawi yaitali, nafunsa ngati duku lao linakhala bwino.

Inu amene musunga makamera otere m'mabokosi, asungeni pouma, ndipo tizitsulo tating'ono tokhala nao musatipatse ana kuti aseweretse.