Kalata kwa mphwanga: za njovu za ku Kasungu ndi eni minda

Mphwanga wokondedwa,

Unandifunsa chifukwa chake anthu a m'malire mwa paki ya Kasungu amakalipa chotere pamisonkhano ya za nyama. Mkangano umenewu ndi wakale kuposa iwe ndi ine.

M'nkhalango ija munali midzi. Mu 1922 boma la atsamunda linasamutsa anthu chifukwa cha matenda a kaodzera amene kashembe amafalitsa, ndipo malowo anasanduka nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 anawasandutsa malo osungirako nyama, kenako mu 1970 anakhala paki. Amene anasamuka anasiya manda ndi mabwinja a makolo awo mkatimo, koma osaloledwanso kubwerera. Zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anatenganso malo ambiri m'boma la Kasungu, choncho alimi wamba anapanikizika mpaka minda yawo inakafika m'mphepete mwenimweni mwa paki.

Nthawi imeneyo kulowa m'paki kukatola nkhuni kunali kupalamula. Anthu sankaona phindu la nyama, motero opha njovu mozembera sankasowa owabisa. Njovu zinalipo zoposa 1,000, koma pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50 zokha.

Anthu sanangokhala chete ayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nthambi yoona za nyama zakutchire inayamba kulola anthu kupachika ming'oma ya njuchi ndi kutola matondo m'paki. Usachipeputse chimenechi. Matondo amagwa nthawi ya mvula yoyamba, pamene nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo mayi wobwera ndi chidebe chodzaza amakhala kuti wapeza ndiwo ndi ndalama ya sopo yomwe. Munthu wotere salola mnzake kutentha tchire mwachisawawa. Pambuyo pake midzi inakhazikitsa makomiti ndi bungwe la KAWICCODA, loti lizilankhulira anthu ndi kulandira gawo la ndalama zimene paki imapeza.

Mu July 2022 njovu 263 zinabwera pamalole kuchokera ku Liwonde, mothandizidwa ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks. Mpanda wamagetsi unali usanathe, ndipo chakumalire a Zambia kunalibiretu. Njovu zinayamba kulowa m'minda ndi kuphwasula nkhokwe, anthu ena n'kufa, kuno kwathu ndi kutsidya komwe. Malamulo athu sapereka chipukuta misozi kwa amene nyama yamuwonongera, ndiye anthu anayamba kulemba mayina a ovulala ndi minda yowonongeka, ndipo ena anafika potuma maloya a Leigh Day a ku London. A IFAW amakana mlandu, amati paki ili m'manja mwa boma.

Ndiye ukamva mlimi wa kwa Chulu akukalipa, usafulumire kunena kuti amadana ndi njovu. Iye ndi amene amachezera usiku m'munda ndi tochi, akuimba chitini, pamene alendo akujambula njovu zomwezo padamu la Lifupa. Chimene akufuna n'choti mpanda uthe, wowonongeredwa apepesedwe, ndipo azifunsidwa zinthu zisanachitike. Mutu umodzi susenza denga. Alonda a paki okha sangateteze njovu ngati oyandikana nazo akwiya.

Popeza akusankha kulowa m'komiti, uzipita kumisonkhano ndi kope, uzilemba tsiku, munda ndi mbewu zimene zawonongeka. Madandaulo olembedwa savuta kuwatsatira.

Upereke moni kwa amayi.

Ndine mkulu wako.