Mwana wa Mlendo ndi Khomo la Sukulu

Kuno ku Mulanje ambiri a ife ndife zidzukulu za alendo. Makolo athu Alhomwe adayamba kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1890, napitiriza kubwera kwa zaka zambiri, kuthaŵa njala ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika adapeza kuti nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri ili kale m'manja mwa Azungu, amene adayamba kubzala tiyi cha m'ma 1891. Mlendo adapatsidwa kamalo komangapo nyumba ndi kolimapo chimanga, koma malipiro ake adali thangata.

Tsono taganizani. Munthu wokhala pa malo a mwini, amene angathe kupirikitsidwa tsiku lililonse, kodi angaganize za zaka 8 za sukulu? Iye amaganiza za msonkho ndi za chakudya cha maŵa, ndipo mwana akangotha kugwira khasu amapita naye kukapalira. Eni maesiteti ena sankafuna n'komwe kuona sukulu. Ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, kumene kudalinso Alhomwe ambiri, esiteti ya A. L. Bruce idakaniza masukulu ndi matchalitchi a John Chilembwe, ndipo ichi chidali chimodzi mwa zimene zidautsa nkhondo ya 1915.

Pamwamba pa umphaŵi padali chipongwe. Anthuŵa ankatchedwa Anguru, dzina lonyoza, kotero kuti ambiri adabisa chilankhulo chawo, osafuna kuti ana awo azisekedwa. Agogo anga ankalankhula Chilhomwe ndi anzawo okha, ife akationa ankatembenukira ku Chicheŵa. Amene adalimbana ndi dzinalo adali Lewis Mataka Bandawe, wobadwira ku Mozambique komweko. Iyeyu adaphunzira ku Blantyre Mission, namasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, ndipo mu 1943 adayambitsa bungwe loimira Alhomwe. Nzeru za Bandawe sizidasiyane mtundu ndi za mwana wopalira tiyi uja. Kusiyana kwake n'kwakuti wina adapeza womtsegulira khomo, pamene mnzake adapeza kapitawo.

Ine ndidaloŵa sukulu boma litangothetsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, chaka chimene chiŵerengero cha ophunzira m'Malaŵi chidakwera kuchoka pa mamiliyoni osakwana 2 kufika cha pa mamiliyoni 3. Tinkakhala pansi pa mtengo, ana ochuluka ngati nyerere. Pakati pathu padali alendo atsopano, ana a othaŵa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo amene adaloŵera ku Muloza. Mtendere udasainidwa ku Rome mu 1992, ndipo mabanja awo ankabwerera pang'onopang'ono. Ena mwa anawo adatisiya pakati pa chaka, kupita kukayambanso m'Chipwitikizi zimene adali atayamba m'Chicheŵa. Ndimaŵakumbukira kaŵirikaŵiri, pakuti ena ankatipambana masamu.

Lero thangata adatha, koma malo ndi ochepabe, ndipo anthu akuyendabe. Bambo ali ku Johannesburg. Ndalama zake zimagula yunifolomu ndi makope, koma sizifunsa mwana madzulo kuti lero waphunzira chiyani. Mwambo wathu wa chikamwini umaika mwana m'manja mwa amalume, koma amalumewo nawonso ali ndi ana awo ofuna fizi, mwina nawonso ali pa ulendo.

Chimene chimandiŵaŵa kwambiri ndikamayendera mabanja a m'mbali mwa maesiteti ndi kalendala. Tiyi amachuluka nthaŵi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, miyezi yomweyo ya njala, yomwenso teremu yachiŵiri ili pakati. Mayi sangaleke kukathyola, pakuti malipiro amayendera makilogalamu a masamba. Amanyamuka kusanache ndi dengu lake kumsana, ndipo khanda limatsala ndi mtsikana wamkulu, amene dzina lake lidakali m'kaundula wa Sitandade 6.