Makiyi Awiri M'nyumba ya Munthu Mmodzi

M'boma la Katete muli aphunzitsi ena amene anapuma nchito atagwira coko zaka zambiri. Masiku ano ndiwo alembi a bungwe la alimi la m'dera lao. Mwana wao wamkazi wa ku Lusaka anawagulira kompyuta yaing'ono yogwirapo kale nchito, kuti aleke kusunga maina a alimi m'buku limene ciswe cinali citayamba kudya. Kompyutayo palibe wina amene amaigwira. Adzukulu amangoionera patali.

Pokhala okha, aphunzitsiwo sanaone cifukwa coikira zinthu mwadongosolo. Ciri conse cimene analemba anali kucisiya pa desktop, ndiko kuti pabwalo paja pamene pamaoneka munthu akangoyatsa kompyuta. Mapulogramu atsopano naonso anali kusiya tizithunzi tao pomwepo. Patapita zaka ziwiri galasi lonse linadzaza, ndipo pakati pa tizithunzito panali mafaelo anai a maina ofanana: mndandanda, mndandanda watsopano, mndandanda weniweni, ndi mndandanda wotsiriza.

Bvuto linadza pa nyengo yolembetsa fataleza wotsika mtengo. Usiku wina, batire ya sola iri pafupi kutha, iwo anasankha faelo imodzi mofulumira naitumiza. Inali ya caka catha. Munalibe dzina la mai wina wamasiye amene anagulitsa mbuzi yace kuti alowe m'bungwe. Colakwaco cinaoneka nthawi ikalipo ndipo dzina linabwezedwamo, koma aphunzitsi anapalasa njinga maulendo awiri kunka ku ofesi ya zamalimidwe. Coposa apo, maiyo anawafunsa pamaso pa anthu kuti, "Kodi aphunzitsi, mbuzi yanga inapita pacabe?" Funso limeneli linawasowetsa tulo.

Pa holide ya ufulu, pa 24 October 2025, mwana uja anafika kumudzi. Atamva nkhaniyo anati, "Atate, tiyambe tasesa pabwalo." Iwo anakana, poopa kuti akafafaniza kacithunzi ndiye kuti pulogramu yatha. Tsono mwanayo anawaonetsa kamubvi kakang'ono kokhala pangondya ya kumunsi kwa tizithunzi tambiri. "Ka mubvi aka dzina lace ndi shortcut," iye anatero. "Kali monga cikwangwani ca pamphambano colozera ku cipatala. Mukazula cikwangwani, cipatala cimakhalabe."

Tizikwangwani timeneti, pamodzi ndi batani la Start, tinadziwika ndi Windows 95 imene kampani ya Microsoft inaturutsa m'caka ca 1995. Pulogramu yeniyeni imakhala kwina, kawirikawiri m'foda yochedwa Program Files, ndipo munthu angathe kuipeza mwa kukanikiza Start ndi kulemba zilembo zoyamba za dzina lace. Koma faelo yopanda kamubvi ndiyo cinthu ceniceni. Ikafafanizidwa imagwera mu Recycle Bin, ndipo akakhuthula m'menemo, kuibweza nkobvuta.

Motero anasiya pabwalo tizikwangwani tisanu tokha ta mapulogramu a masiku onse. Mu Documents anatsegula foda ya bungwe, m'kati mwace naikamo mafoda atatu: 2023, 2024 ndi 2025. Faelo iri yonse inapatsidwa dzina lokhala ndi tsiku limene inalembedwa. Zonsezo anazikoperanso pa fulashi, kuti kompyuta ikadzafa maina asadzafere limodzi nayo.

Mkangano weniweni unabuka pamene mwanayo anati pafunika akaunti yaciwiri. "Iwe mwana, ine ndiri ndekha. Yaciwiriyo nja yani?" anafunsa aphunzitsi.

Mwanayo anafotokoza kuti akaunti imene imapangidwa poyamba pa kompyuta imakhala ya administrator, ya mwini mphamvu zonse. Iyo imaloledwa kulowetsa mapulogramu, kuwacotsa, ndi kusintha ciri conse. Kuyambira pa Windows Vista, imene inafika kwa anthu onse mu 2007, kompyuta imayamba yafunsa pulogramu isanasinthe zinthu zikuluzikulu. Koma kwa administrator yankho ndi kungokanikiza Yes, ndipo munthu wotopa amakanikiza asanawerenge. Pa akaunti wamba, yochedwa standard, kompyuta imafuna mau acinsinsi a administrator. Pulogramu yoipa yobwera ndi fulashi ya mnzako imapeza khomo lalikulu lotseka. Anaonjeza kuti kompyuta yao inali ya Windows 10, imene Microsoft inaleka kuipatsa thandizo la nthawi zonse pa 14 October 2025, kotero kusamala kunafunika koposa kale.

Aphunzitsi anakhala cete kanthawi. Kenaka anakumbuka kuti pamene anali akulu a sukulu, kiyi ya kalasi inali kuyenda nao m'thumba, koma kiyi ya kabati ya mapepala a mayeso inali kukhala payokha, ngakhale kuti mwini makiyi onse awiri anali iwo omwe. Sanali kuopa mbala yokha ai. Anali kuopanso dzanja lao lomwe pa tsiku la cangu. Pamenepo anabvomera.

Koma atalowa m'akaunti yatsopano anapeza pabwalo pali mbee, ndipo mu Documents munalibe kanthu. "Mwana iwe, wapha bungwe!" anapfuula. Mwanayo anawakhazika mtima pansi. Akaunti iri yonse iri ndi cipinda cacecace m'foda ya Users, ndipo zooneka kwa onse ndi zokhazo zoikidwa mu Public. Palibe cimene cinataika. Iye anabvomera kuti anadzera njira yaitali. Njira yapafupi ndiyo kupanga akaunti yatsopano kukhala ya administrator, ndi kutsitsa yakale ija kuti ikhale standard, pakuti potero mafaelo onse amakhala pamalo pao. Anabwerera nacita momwemo. Mau acinsinsi a maakaunti onse awiri anawalemba pa pepala, nalisunga m'sutikesi momwe mumakhala zitupa za banja.

Tsopano kompyuta ikafuna mau a administrator, aphunzitsi amayamba avala mandala ndi kuwerenga dzina la pulogramu imene iri kupempha. Kawiri konse anakana cifukwa sanaidziwe. Amati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pa msonkhano wotsatira wa bungwe anatsegula foda ya 2025 naitana maina onse mmodzimmodzi. Atafika pa dzina la mai wamasiye uja anaima pang'ono, nayembekeza mpaka mwini wace atayankha.