Ntchito yokopera m'temu yachitatu

Chaka cha sukulu ku Zambia chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala, ndipo ntchito zokopera zimachuluka m'temu yachitatu. Nthawiyi ana a Giredi 12 ali pa mayeso a Examinations Council of Zambia (ECZ), bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983, pamene anzawo a m'makalasi apansi akuthamangira kumaliza mapulojekiti. Zina mwa ntchitozi zili m'gulu la SBA, ntchito yochongedwa pasukulu pomwepo imene mamakisi ake amalowa m'zotsatira za mwana. Motero mphunzitsi wochonga amayankha kwa ahedi komanso ku ECZ.

Chiyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022, makalasi a boma ku Chelstone, monganso m'madera ena a Lusaka, anadzaza kwambiri, ndipo mwana wokopera amadalira kuti mphunzitsi wotopa sawerenga tsamba lililonse. Kale ankakopera kwa mnzake kapena m'mapamfuleti. Lero foni ya amayi ndi bando ya tsiku limodzi zimakwanira, makamaka kuchokera pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022.

Chida choyamba cha mphunzitsi ndi kope la mwana lakale. Amaika pulojekiti pambali pa zimene mwanayo analemba m'kalasi mu Juni. Mwana amene chaka chonse wakhala akulimbana ndi chiganizo cha mizere iwiri sangadzuke mu Okutobala ndi Chingerezi cha ku yunivesite ya UNZA. Pulojekiti ya jogirafe imaulula msanga, chifukwa imafuna kuti mwana apite yekha kukaona ndi kufunsa anthu. Lipoti lingaoneke ngati likunena za zinyalala pamsika wa Chelstone, koma m'kati mutatsalira dzina la Chisokone, msika wa ku Kitwe, chizindikiro chakuti linatengedwa kwa wachibale wa ku Copperbelt. Pena ana asanu amalakwitsa liwu limodzi pamalo amodzimodzi.

Kukayikira kokha sikokwanira kuti munthu alembe ziro. Mphunzitsi amaitana mwanayo payekha, osati pamaso pa kalasi, n'kutseka lipotilo. Amafunsa zinthu zazing'ono: "Unaima mbali iti ya msika? Mayi woyamba amene unamufunsa amagulitsa chiyani? Liwu ili likutanthauza chiyani?" Wolemba yekha amayankha ngakhale mwachibwibwi, nthawi zina n'kuwonjezera zimene anaiwala kulemba. Wokopera amayang'ana pansi, ndipo ambiri pofika funso lachitatu amati, "Aphunzitsi, nthawi inandithera." Mawu amenewa ndi ofunika kuwamvetsera, pakuti kawirikawiri ndi oona. Kuli ana amene madzulo amathandiza kugulitsa m'mbali mwa Great East Road, ndipo magetsi akazima sawerenga n'komwe. Izi sizichotsa mlandu, koma zimathandiza kusankha chochita.

Chochita chabwino n'chakuti ntchitoyo ilembedwenso pamaso pa mphunzitsi, ndi cholembera, foni itasungidwa, pa tsiku lodziwika. Mamakisi amaperekedwa pa ntchito yachiwiriyi basi, ngakhale akhale ochepa. Amene anabwereketsa ntchito yake naye amaitanidwa, chifukwa ana ambiri amaona ngati kupatsa mnzako lipoti n'chifundo. Nkhani iliyonse imalembedwa, ndipo lipoti lokoperalo limasungidwa kwa mkulu wa dipatimenti.

Makolo amaitanidwa mwana akakana kapena akabwereza. Ena amabwera atakwiya, poti anatulutsa ndalama zotaipira ndi kupulinta lipotilo ku kafe, ndipo kwa iwo ntchito yaukhondo chonchi singakhale yolakwa. Mphunzitsi amawalandira mwaulemu, ahedi kapena aphunzitsi a uphungu ali pomwepo, n'kuyala lipotilo pambali pa kope lakale la mwanayo kuti adzionere okha. Amawafotokozeranso kuti chizolowezi chomwechi chikafika m'chipinda cha mayeso, ECZ imatha kufafaniza zotsatira za mwanayo.

Aphunzitsi ozolowera ntchito sadikira Okutobala. Amagawa pulojekiti m'zidutswa kuyambira temu yachiwiri: mafunso, mapu ojambula pamanja, mayankho a anthu, kenako lipoti, ndipo amasaina chidutswa chilichonse mwana asanapitirire ku chotsatira.